Mwendo wa Kama wa a Bakhtawara

Wagma anayamba kukayika tsiku limene apongozi ake anayengula mafuta a pamwamba pa mkaka n'kupatsa Muska. Pakhomo paja mafuta amenewo anali a amuna. Chibadwire, zaka zisanu ndi ziwiri, mwanayo anali asanawalaweko, ndipo agogo akewo ankamutchula dzina pokhapokha akafuna kumutuma. Koma m'mawa umenewo anamukhazika pamwendo, kumupakira mafutawo pa buledi wa chimanga, n'kumamupesa tsitsi pang'onopang'ono ngati mwana wa mlendo.

Mawa lake Wagma anawapeza akumuyeza ndi zikhatho, kuchokera paphewa mpaka pansi pa bondo.

"Mukumuyezeranji, amayi?"

"Mwana asavale? Iwe ndi sukulu yakoyo, chilichonse umafuna chikhale ndi yankho ngati mayeso."

"Chikondwerero cha Idi chidakali kutali."

"Ndiye azingoyenda ngati wamasiye mpaka Idi? Pita ukaone ng'anjo uko, buledi akupserera."

Wagma anapita. Koma podutsa pakhomo la chipinda cha apongoziwo anaponya diso pabokosi lachitsulo lomwe linasiyidwa chotsegula. Pamwamba penipeni panali nsalu yatsopano, yofiira, ya timaluwa tagolide m'mphepete.

Panali patapita masiku makumi awiri ndi atatu chifereni Naimat, wa banja la kutsidya la ngalande. Mlamu wake wa Wagma, Dilawar, anamutema ndi fosholo kungalande polimbirana madzi. Naimat ankati mthunzi wa mabulosi wafika kale pachipilala, nthawi yothirira ndi yake. Dilawar ankati kwatsala chala chimodzi. Chala chimodzicho chinatenga munthu wa ana atatu, ndipo Dilawar anathawira kumapiri asanasambe n'komwe m'manja. Tsiku la maliro lomwelo akuluakulu asanu ndi anayi a jirga, bwalo loweruza milandu ya m'chigwamo, anagubuduza mwala n'kuuika pakhomo la mzikiti. Malinga mwalawo uli pamenepo, masiku makumi anayi, palibe wa mbali iliyonse akhudze mfuti, ndipo akuluakuluwo aziyenda uku ndi uko kufunafuna njira. Wagma ankadzuka ndi nambala ya tsikulo m'kamwa.

Mwamuna wake, Sherzaman, anabwera kudzadya masana. Wagma anadikira kuti apongozi apite kukhola, kenako anagwada pafupi ngati akuthira tiyi.

"Bambo a Muska, ku hujra, kubwalo la amunako, akuti chiyani?"

"Za amuna."

"Nanga nsalu yofiira ija nayonso ndi ya amuna?"

Sherzaman anasiya kutafuna. Anayang'ana kukhomo, anayang'ana m'mbale.

"Palibe chimene chagamulidwa. Kungoti a Haji Mirwais akuti magazi a mng'ono wawo satsukidwa ndi mawu. Akuti pakhale magazi, apo ayi pakhale ukwati."

"Ukwati wa ndani? Mtsikana pakhomo pano alipo mmodzi."

"Tsitsa mawu. Akangokhala kumeneko, azikathandiza ntchito. Mwana wawo wamwamuna adzamutenga akadzakula."

"Boma linaletsa zimenezo. Ndinawerenga ndi maso angawa, munthu amamangidwa."

"Boma limenelo lidzabwera kudzatigonera pakhomo? Papepala adzalemba kuti mabanja awiri ayanjana, basi. Mawu oti swara, kupereka mtsikana pa mlandu wa magazi, palibe amene adzawalembe. Ukufuna chiyani, Wagma? Dilawar akasowa, mfuti imafunafuna mbale wake. Mbale wakeyo ndi ine."

Apongozi anali atabwerera kale, aima pakhomo ndi ndowa ya mkaka.

"Ukulira maliro a munthu wamoyo," anatero. "Azakhali ake a mwamuna wakoyu, a Bakhtawara, anapita kunyumba yomweyo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, pa mlandu wa malire. Anafa? Anadya, anavala, anabereka Haji, anabereka Naimat. Mkazi ndi madzi, amalowa m'munda umene wamutsegulira."

Wagma anawaonapo kamodzi a Bakhtawara, paukwati wina kumtunda. Amayi onse anakhala pamakapeti, koma gogo ameneyo, mayi wa Haji wathunthu, anakhala pakhomo pamene anthu amavulira nsapato. Palibe anamuuza kuti akhale pamenepo. Anangozolowera. Zaka makumi asanu ndi limodzi ali kutsidya la ngalande, mtunda woti tambala akalira uku kumamveka, koma wa kwawo sanapondeko ngakhale mmodzi, ngakhale pa Idi. Ndipo mtendere umene anagula ndi ubwana wake ndi womwewu unathera pafosholo, mwana wa mchimwene wake atapha mwana wake.

Kuyambira tsiku limenelo Wagma sanalolenso Muska kuchoka m'maso mwake. Kumadzi ankapita naye, kukhola ankapita naye. Mwanayo akangoti zii kuseri kwa nyumba, ankathamanga kukamufuna. Ankamvetsera nsapato za amuna kubwalo, n'kumasiyanitsa za obwera ndi nkhani ndi za ongodutsa. Anaganizapo zothawira kwa bambo ake kutauni ya Mardan, koma basi imadutsa pakhomo pa a Haji, ndipo kuthawitsa mwanayo kukanakhala kuchotsa mwala wa pamzikiti uja ndi manja ake.

Pa tsiku la makumi awiri ndi asanu ndi anayi, dzuwa litangokwera, mawu anamveka kuchokera kumzikiti. A Bakhtawara amwalira. Chiikireni mwana wawo m'manda anali asanadye chakudya chenicheni. Maliro aikidwa likatha pemphero la masana.

Sipanapite nthawi, kunja kunamveka ndodo ya aphunzitsi Fazal Rabi. Anali mmodzi wa akuluakulu asanu ndi anayi aja, mphunzitsi wopuma ntchito, mnzawo wa bambo ake a Wagma kuyambira kale. Atapuma anakachita maphunziro a kuyanjanitsa anthu kuboma, ndipo achinyamata ankawaseka kuti nsapato zawo zimatha msanga kuposa za wogulitsa sopo. Mu jirga ndi iwo okha amene anakana za mwanayo. Koma liwu limodzi pakati pa asanu ndi anayi ndi mchere m'mtsinje.

Sherzaman anawalandirira panja, pansi pa khoma. Wagma analowa m'khola la njati yawo yoweta, momwe khomalo lili ndi ming'alu, Muska atamugwira dzanja.

"Mwana wanga, lero Mulungu watsegula khomo, ndipo madzulo litsekeka," aphunzitsiwo ankatero. "Tenga nkhosa, chingwe uchikolowe m'khosi mwako. Akamanyamula maliro, ukagwire mwendo wa kama. Munthu wogwira mwendo wa kama wa maliro sabwezedwa chimanjamanja. Chimene wapempha amapatsidwa, apo ayi mtembo sunyamuka. Haji ndi wouma mutu, koma sangalole mayi ake agone padzuwa anthu a zigwa zitatu akuona."

"Ndikagwade ndi chingwe m'khosi ngati bulu? Pamaso pa ana a Haji?"

"Bulu wamoyo amadya msipu."

"Akandiwombera pomwepo?"

"Mwala udakalipo. Komanso ine ndikhala pambali pako. Akafuna kukuwombera ayambe aboola ine, ngakhale mnofu wake ndi wochepa."

Apongozi analowerera ali kuseri kwa chitseko. "Aphunzitsi, nkhani inapezeka kale njira yake. Tikadzinyazitsirenji? Mwana wanga azidzayenda bwanji pamsika, anthu akumuloza kuti uyo anakwawa?"

"Mlongo wanga, njira imene mukunenayo ili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo dzino lakutsogolo linaguluka sabata yatha."

Kenako Sherzaman anati, "Ndiganizire kaye." Wagma ankamudziwa mwamuna wake. Akati aganizire kaye, ndiye kuti wakana. Ndodo ija inagogoda pansi kawiri, n'kumamveka ikutalikira.

Wagma anaima m'kholamo mpaka njati inamununkhiza paphewa. Sanamvepo kuti mkazi anachitapo zimenezo. Koma sanamvenso aphunzitsiwo akunena kuti dzanja lake likhale la mwamuna.

Dzuwa litafika paliwombo anatenga chofunda chake chachikulu, chija chobisa thupi lonse. Anaganiza zomusiya Muska, koma atayang'ana bokosi lachitsulo lija anamugwira dzanja. Anatulukira kakhomo ka kuseri kotayira ndowe.

"Tikupita kuti, amayi?"

"Kumaliro. Usalankhule. Chilichonse chimene ndichite, iwe ugwire chofunda changachi, usachisiye."

Anawoloka ngalande pathabwa, pafupi ndi mtengo wa mabulosi uja. Madzi ankayenda bwinobwino, osadziwa kanthu.

Bwalo la akazi kwa a Haji linali lodzaza. Pakati panali kama wa zingwe, ndipo pakamapo panali kamtolo koyera kakang'ono ngati ka mwana wa sukulu. Wagma anakhala kumapeto, pafupi ndi nsapato. Koma chofunda chimabisa mayi, sichibisa mwana. Mayi wina anamuzindikira Muska, anakodola mnzake, ndipo kulira kunayamba kuzima kuchokera kukhomo kupita mkati ngati moto wothiridwa madzi.

"Si mdzukulu wa kwa Dilawar uyo?"

"Amubweretsa kale? Jirga isanagamule?"

"Achangu bwanji. Mwina aona kuti pamalo pa nsapato patsala mpata."

Zimenezo Wagma sanaziganizire. Anamukokera mwanayo m'chofunda.

Mkazi wa malemu Naimat anadzuka pamene anakhala. Anali wamng'ono kuposa Wagma, maso atatupa, khanda lili pamkono. Anabwera n'kuima pamaso pake.

"Wadzaona ngati talira mokwanira? Kapena wadzatiyeza kuti watsala ndani?"

"Ndadzalira azakhali."

"Azakhali. Lero ndiye akhala azakhali. Zaka zonsezi munalibe miyendo?"

Zinali zoona. Wagma anangoweramitsa mutu. Pomwepo kukhomo kunamveka kutsokomola kwa amuna, chizindikiro choti akazi afunde kumaso. Analowa asanu ndi mmodzi, a Haji Mirwais patsogolo, ndevu zofiira ndi utoto wa hina, maso ouma. Kumbuyo kwawo, panja pa khomo lotsegula, kunali khamu la amuna, ndipo pakati pawo Wagma anaona chipewa cha aphunzitsi Fazal Rabi.

Amuna anayi anawerama, aliyense pangodya yake.

Wagma sanadziwe kuti anadutsa bwanji pakati pa amayi onse aja. Anangozindikira ali chogwada, manja onse awiri atakulunga mwendo wa kama wa kumiyendo, chipumi chili pathabwa. Mnyamata amene anali pangodyayo anadumphira kumbuyo ngati waponda njoka. Ndi dzanja limodzi Wagma anavula mpango wa kumutu, nauponya pamapazi a Haji. Tsitsi lake, limene mwamuna wina aliyense anali asanalione chikwatiwire, linagwera pamapewa. Amuna a pakhomo anatembenuza nkhope.

"Ndani ameneyu?" anafunsa a Haji.

"Mkazi wa Sherzaman."

"Mwamuna wake ali kuti? Nyumba imeneyo amuna anatha, kuti azitumiza akazi?"

"Sananditume," Wagma anatero. Mawu anatuluka ang'onoang'ono. "Ndabwera ndekha."

"Muchotseni."

Palibe anasuntha. Mwamuna sangakhudze mkazi wa mwini, ndipo amayi aja ankangoyang'anana. Wina wachikulire anati chapansipansi, "Wagwira mwendo, Haji. Ife sitingamuchotse."

Aphunzitsi Fazal Rabi anafika pakhomo, osalowa, maso ali pansi. "Haji, dzuwa likupendeka, ndipo manda akudikira. Mwambowu sitinauyambe ndife. Mufunseni chimene akufuna."

A Haji anayang'ana mpango uli pamapazi awo. Anayang'ana kamtolo koyera kaja. Kenako maso awo anagwera pa Muska, amene anali atagwira chofunda cha mayi ake ndi manja awiri monga anauzidwira, kukamwa kuli yasa, mpata wa dzino uli poyera. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Chimene ankaona palibe akudziwa.

"Nena," anatero. "Ukupempha chiyani?"

Wagma ankamva fungo la sanda yatsopano ndi madzi a maluwa. M'mutu mwake munalibe jirga, munalibe ngalande, munalibe Dilawar, ngakhale Sherzaman munalibe.

"Mwana wanga. Musanditengere mwana wanga."

"Chomwecho basi?"

"Chomwecho."

Pakhomo paja aphunzitsi anatsinzina.

"Mwamva nonse," a Haji anakweza mawu kuti ndi akunja omwe amve. "Wapempha mwana. Mwana ndamupatsa. Mtsikana wa nyumba imeneyo sadzalowa pakhomo pano, lero kapena mawa." Anawerama movutikira, natola mpango uja, naugwetsera pamutu pa Wagma osamukhudza. "Funda, mwana wanga. Tsopano siya amayi anga apite."

Zala zinakana kutambasuka. Anachita kumumasula ndi mkazi wa Naimat, chala chimodzichimodzi, mosakalipa komanso mosamuyang'ana. Kama ananyamuka mopepuka ngati palibe munthu.

Aphunzitsi anamupeza pathabwa la pangalande pochokera kumanda. Anaima patali pang'ono, akuyang'ana madzi.

"Mwana wa mnzanga, wachita chimene amuna analephera. Koma ukanapempha magazi. Ukanati, tikhululukireni magazi a Naimat. Dzanja lili pamwendo paja sakanakana, ndipo mwanayu akanapulumukira momwemo. Anakufunsa kawiri."

Wagma anamva ngati thabwa lapendekeka. "Ndiye tsopano?"

"Tsopano mwana watuluka pamlandu, koma mlandu udakalipo. Ndipo chimene akuluakulu anagwirizana chagwa. Kwatsala masiku khumi ndi limodzi."

"Sindinadziwe, aphunzitsi. Magaziwo sindinawaganizire n'komwe. Si ine ndinawakhetsa."

"Ndikudziwa. Pita kunyumba. Ine ndikagule nsapato zina."

Kunyumba nkhani inali itafika kale. Sherzaman sanamumenye. Anangomuyang'ana kumutu, pampango, ngati pali chinthu chowola.

"Amuna a zigwa zitatu aona tsitsi la mkazi wanga," anatero. "Ndipo pamwamba pake wandisiya pakamwa pa mfuti."

Apongozi anatseka bokosi lachitsulo ndi loko, ndipo mawa lake mafuta a mkaka anabwerera kwa amuna.

Masiku khumi ndi limodziwo aphunzitsi Fazal Rabi anawoloka thabwa lija mwina kasanu patsiku. Wagma ankawaonera pamng'alu wa m'khola, akupita, akubwera, msana ukunka nupindika. Ana a Haji anayamba kupukuta mfuti padenga, poyera, kuti a tsidya lino aziona. Sherzaman analeka kupita kumunda, ndipo chimanga chinayamba kupota masamba chifukwa nthawi yawo ya madzi inkadutsa popanda wotsegula. Wagma ankati akamva chitseko chamenyeka ndi mphepo, mbale inkamugwa m'manja. Kangapo anadzifunsa ngati anagula mwana ndi bambo wake. Yankho silinkabwera, koma akayang'ana Muska akusewera ndi timiyala pakhonde, sankalakalaka kubweza mawu aja.

Jirga inagamula pa tsiku la makumi atatu ndi asanu ndi anayi. Munda wonse wa kungalande, pamodzi ndi nthawi yake ya madzi, upite kwa ana a Naimat. Dilawar asadzapondenso m'chigwamo, wamoyo kapena wakufa. A pakhomo pake asamuke, ndipo denga la nyumba ligwetsedwe kuti asadzakhale ndi pobwerera. Zikatero magazi atha, ndipo wodzawadzutsanso adzakhala mdani wa jirga yonse. Aphunzitsi anaumirira kuti zonse zilembedwe monga zilili, mawu ndi mawu, pepala lina lipite kuboma. Sherzaman ndi a Haji anadinda zala, anakumbatirana pakhomo la mzikiti mapewa okhaokha, aliyense akuyang'ana kwake.

Lole inabwera m'mawa. Njati anali atagulitsa. Anakweza makama, mabokosi, mbiya ya ufa ndi chitseko chimodzi chimene apongozi anakana kusiya, chifukwa anachisema ndi malemu amuna awo. Anansi anaima patali. Lole isanakhote pamzikiti, anyamata a jirga anali atakwera kale padenga ndi zitsulo, ndipo fumbi loyamba linakwera.

Apongozi sanalire. Anakhala pabokosi lachitsulo, kumbuyo atalozetsa kwa Wagma.

"Minda ya makolo anayi," anatero, osatembenuka. "Manda a mwamuna wanga. Chifukwa cha kamtsikana kamene kadzapite kwa eni ake ndithu tsiku lina."

Sherzaman anali kutsogolo ndi dalaivala. Kuyambira tsiku la maliro a azakhali aja anali asanamutchule mkazi wake dzina, ndipo ku Mardan ankapita kukasenza njerwa, munthu amene anabadwira pamunda wake.

Pakhomo la mzikiti mwala uja anali atauchotsa, pangotsala dothi lonyowa lozungulira. Aphunzitsi Fazal Rabi anaima pomwepo, atatsamira ndodo. Anakweza dzanja. Pa anthu onse a m'lolemo, Muska yekha ndiye anabayibitsa.

Msewu unadutsa m'mbali mwa manda. Mtumbira wa a Bakhtawara unali kumapeto, dothi lake lisanaphwe, pafupi ndi wa mwana wawo.

"Amayi," Muska anakoka chofunda, "diresi lofiira lija agogo adzandisokera liti?"

"Silako lija."

"Koma anandiyeza."

"Anakuyeza, inde. Khala pansi, ugwa."

Mwanayo anakhala, akuseweretsa lilime pampata wa dzino. Wagma anamugwira padzanja, pamwamba pa chikhatho, ndipo ngakhale lole inali itatuluka m'chigwa n'kulowa mumsewu wa phula, sanamusiye.